Katemera wa Rubella Ateteza Yani?

Anzanga a pa sukulu pano, ambiri a inu mukumbukira caka ca 2017, pamene a cipatala anayenda m'masukulu kubaya ana a miyezi 9 kufikira zaka 14 katemera wa cikuku ndi rubella. Ine ndinali mu Sitandade 3. Ndibvomere kuti ndinathawira kuseri kwa kalasi, ndipo mlongo wanga, amene anali ndi zaka 14, ndiye anandigwira dzanja nandiika pa mzere, iyenso nabayidwa tsiku lomwelo. Cikuku ndinali kucidziwa, koma za rubella ndinali ndisanamvepo. Tsopano mlongo wangayo ali ndi pakati, ndipo ine ndafufuza za nthendayi kuti ndidziwe cimene tinabayidwira.

Rubella, imene Angerezi amati German measles, imadza ndi kacirombo kosaoneka ndi maso, kamene kamayenda pokhosomola ndi poyetsemula. Wodwala amamva thupi kutentha pang'ono, amatupa anabere kuseri kwa makutu, ndipo timatuza tofiira timayamba kumaso ndi kutsikira m'thupi monse. Pakapita masiku atatu timazimirira. Ena, pafupifupi theka, saona cizindikiro ciriconse, komabe amapatsira anzao. Cifukwa ca ici, kale anthu ankaiyesa nthenda yacabe.

Amene anaulula kuopsa kwace ndi Norman Gregg, dokotala wa maso wa ku Sydney, m'dziko la Australia. Mu 1941 iye anadabwa poona makanda ambiri obadwa ndi ng'ala m'maso. Atafunsafunsa, anapeza kuti mwa ana 78 otere, amai a ana 68 anadwala rubella pakati pali papang'ono. Kacirombo kamacoka m'magazi a mai ndi kulowa mwa mwana pa nthawi imene maso, makutu ndi mtima zikuumbika. Mai akadwala m'masabata 12 oyamba, ana 9 mwa 10 angathe kuonongeka. Ena amabadwa ogontha, ena akhungu, ena ndi mtima wolumala, ndipo amai ena amapita padera.

Mliri wa mu 1964 ndi 1965 ku United States unaonetsa kukula kwa tsokali. Anthu 12.5 miliyoni anadwala, ndipo ana 20,000 anabadwa ndi zirema zimenezi. Katemera analoledwa mu 1969, ndipo mu 2015 kunalengezedwa kuti m'maiko a ku America rubella yaleka kufala. Kuno kwathu, kuyambira 2017, mwana amalandira katemerayu ku sikelo pamodzi ndi wa cikuku, koyamba ali ndi miyezi 9, kaciwiri ali ndi miyezi 15. Ngakhale kubayidwa kamodzi kokha kumateteza anthu oposa 95 mwa 100.

Mnzanga wina ku ogona anandifunsa nati, "Nanga ife anyamata atibayiranji, popeza sititenga pakati?" Yankho lace ndi ili. Katemerayu ali ndi kacirombo kamoyo kamene anakafooketsa, cotero mai amene ali ndi pakati sapatsidwa. Ayenera kulandira asanaime, ndi kudikira mwezi umodzi. Tsono mai amene sanabayidwe, monga ambiri amene anali ataposa zaka 14 mu 2017, angateteze bwanji mwana wace? Citetezo cace ndife amene timzungulira. Taganizani: timagona ambiri m'cipinda cimodzi, ndipo cimfine ca mmodzi cimagwira tonse. Sukulu ikatsekera, mnyamata angathe kukwera basi ali wamphamvu ndithu, nakapereka nthendayi kwa alamu ace kumudzi, popeza munthu amayamba kupatsira anzace kutatsala sabata kuti timatuza tioneke.

Cotero ndikupemphani zinthu ziwiri. Mukapita kwanu, funsani makolo akuonetseni buku lanu la ku cipatala, ndipo ngati simunabayidwe, kafunseni alangizi a zaumoyo. Caciwiri, muone kuti ang'ono anu apita ku sikelo kawiri konse, cifukwa wa miyezi 15 uja ngosabvuta kuiwala. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ine ndikakacezera mlongo wanga, ndidzalowa m'nyumba mwace wopanda mantha, ndipo ndidzamthokoza kuti sanandileke kuseri kwa kalasi kuja.

Mnyamata wa Folomu 3