Makina a pa ntchito satetezedwa mofanana

Mu February 2024, Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti mbava za pa intaneti zalowa m'makina a mapasipoti ku nthambi ya Immigration ndipo zikufuna dipo. Kwa masabata angapo mapasipoti sankatuluka. Kuno ku Dedza ambiri anaimva ngati nkhani ya m'tauni. Komatu makina osunga zinsinsi za anthu ali ponseponse m'boma lino: pachipata cholowera ku Mozambique, pomwe a MRA amalembetsa katundu m'makina a ASYCUDA, ku khonsolo, komwe amagwiritsa ntchito kaundula wa UBR posankha mabanja olandira Mtukula Pakhomo, ngakhalenso m'chikwama cha mlangizi wa zaumoyo amene akupalasa njinga kulowera ku Mayani ali ndi foni yolembamo odwala.

Malamulo okhudza nkhaniyi ndi awiri. La Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limati kulowa m'makina a eni popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo linakhazikitsa gulu la Malawi CERT pansi pa MACRA kuti lizithandiza makina akaukiridwa. La Data Protection Act la 2024 limalunjika kwa wosunga. Ofesi, chipatala, sukulu kapena kampani imene yatenga dzina lanu, nambala ya chiphaso cha unzika kapena mbiri ya matenda anu ili ndi udindo wozisamala, ndipo zikabedwa kapena kutuluka iyenera kudziwitsa MACRA pasanathe maola 72.

Nanga ofesi imayambira pati? Imayamba ndi kuwerenga zimene ili nazo: laputopu, tabuleti, foni, fulashi, ndi dzina la amene akusunga chilichonse. Kenako pa chipangizo chilichonse amafunsa mafunso atatu. Muli chiyani? Chimalowa m'makina ati? Chimayenda kuti? Mayankho ake ndi amene amanena kukula kwa chiopsezo. Kompyuta yotaipira makalata a msonkhano siingafanane ndi yolipirira ndalama za boma, monganso mlimi wa ku Bembeke sakhoma loko wa nkhokwe pa khola la nkhunda. Mtengo wa chipangizo suli kanthu apa. Foni yotchipa yokhala ndi mayina a anthu omwa ma ARV ndi yofunika kuilondera kuposa laputopu yatsopano ya bwana yongowerengera nyuzi.

Chipangizo cha chiopsezo chachikulu chimapatsidwa malamulo okhwima. Chimafuna pasiwedi ndi nambala ina yobwera pa foni, zam'kati zimabisidwa kuti wakuba asaziwerenge, ndipo fulashi yachilendo silowamo. M'mabungwe amene ali ndi pulogalamu yoyang'anira zipangizo zonse pamodzi, makinawo amadziyendera okha. Foni imene yatsalira pa zokonza zatsopano, kapena yagwidwa ndi vayirasi, imatsekeredwa kunja kwa netiweki ya ofesi mpaka wa ICT ataikonza, ndipo yotayika imafufutidwa ali kutali. Ogwira ntchito amadandaula, amati wa ICT akuvuta. Kudandaulako nthawi zina nkomveka, chifukwa kumidzi ina netiweki imachita kusakidwa pachulu, ndipo lamulo loti foni izilumikizidwa tsiku lililonse lingaimitse ntchito ya mlangizi wosalakwa. Lamulo lotere liyenera kupereka masiku okwanira kwa a kumudzi, koma osalichotseratu.

Ine ndimaona kuti chiopsezo chachikulu sichichokera kunja ayi. Chili pa mawu aja timawamva m'maofesi: "Tandibwerekeni pasiwedi yanu, achimwene, ndingotumizako kamodzi." Pa Cashgate ya 2013, ndalama za boma zinatuluka kudzera m'makina olipirira a IFMIS, ndipo zolemba za malipiro ena zinkafufutidwa m'makinamo ndi anthu amene anali ndi njira yolowera. Pasiwedi ikayenda m'manja ambiri, palibe angaloze amene wasaina. Chimodzimodzi munthu akasamutsidwa kupita ku Ntcheu kapena akapuma pa ntchito, akaunti yake iyenera kutsekedwa tsiku lomwelo, asanapereke nkomwe makiyi a chitseko.

Ngati ndinu wogwira ntchito ndipo foni ya ofesi yasowa mu minibasi, nenani kwa bwana wanu ndi kwa wa ICT nthawi yomweyo, kenako kupolisi. Kubisa poopa kudulidwa malipiro kumangopatsa wakubayo nthawi. Ngati ndinu nzika imene mayina anu akulembedwa mu tabuleti pabwalo la amfumu, muli ndi ufulu wofunsa kuti akulembera chiyani, akazisunga kuti, ndipo adzaziona ndani. Yankho likakhala losamveka, kapena mukaona zinsinsi zanu zikuyenda pa WhatsApp, dandaulo lanu mukalipereke ku MACRA.