Nsupa Ikasweka Matenda Asanayambe, Mzamba Amadziwa Bwanji?

Mwana ali m'mimba amakhala m'thumba la madzi limene amayi amalitcha nsupa. Mwa chibadwa, nsupayo imasweka matenda atayamba kale. Koma mwa amayi 100 alionse amene miyezi yawo yakwana, pafupifupi 8 amaona madzi matenda asanayambe, ndipo pa amayi oyembekezera 100 alionse, 2 kapena 3 imawaswekera masabata 37 asanakwane. Kusweka msanga kotereku ndiko kumabadwitsa mwana mmodzi mwa ana atatu alionse obadwa masiku osakwana. Nkhaniyi ikhudza Malawi ndithu, pakuti lipoti la Born Too Soon la chaka cha 2012 lidaika dziko lino patsogolo pa maiko onse, ndi ana 18 osakwana masiku pa ana 100 obadwa.

Madzi akakhuthuka mpaka kunyowetsa chitenje ndi mphasa, palibe wokayika. Chovuta ndi pamene angodontha pang'onopang'ono, pakuti mayi wotopa ndi pakati amathawidwa mkodzo akatsokomola, ndiponso chikazi chimachuluka m'miyezi yomaliza. Mzamba akanena kuti ndi mkodzo chabe pamene nsupa yabooka, mayi abwerera kumudzi khomo lili lotsegukira tizilombo, ndipo chiberekero chingathe kutukusira, mayi ndi mwana nakhala pangozi. Akanena kuti yasweka pamene ili yamphumphu, mayi agonekedwa pachabe, mwinanso mwana abadwitsidwa nthawi yake isanafike.

Chifukwa chake mzamba wophunzira amayamba ndi mafunso: madzi adayamba nthawi yanji, ngooneka bwanji, akununkha kapena ayi. Kenaka amagoneka mayiyo, nalowetsa m'njira yoberekera chipangizo chophedwa tizilombo chotchedwa speculum, kuti aone ndi maso. Akapeza madzi atadikha m'kati, kapena akuchucha pa khomo la chiberekero mayi akatsokomola, mlandu watha. Chimene sachita ndicho kupima ndi chala matenda asanayambe. Chala sichiona madzi, koma chimakankhira tizilombo m'kati ndi kufulumizitsa matenda. Abale odandaula kuti "sadamupime n'komwe" ayenera kudziwa kuti kuleka kumeneko ndiwo udokotala wake.

Maso akalephera, pali kapepala ka nitrazine, kamene madokotala akhala akugwiritsa ntchito kuyambira zaka za m'ma 1930. Aphunzitsi a sayansi akazindikira msanga: chikazi n'chowawasa, pH yake ili cha pa 4.5, pamene madzi a nsupa ali pa 7.1 mpaka 7.3. Kapepala kachikasu kakakhudza madzi a nsupa kamasanduka kobiriwira ngati thambo. Komabe kamanamizidwa ndi magazi, umuna ndi matenda ena a m'njiramo, motero si mboni yoima payokha. Mboni yachiwiri ndi dontho la madziwo louma pa kagalasi kwa mphindi 10. Pa maikulosikopu mchere wake umaoneka ngati timasamba ta kanjedza. Sikani ingasonyeze kuti madzi achepa m'chiberekero, ngakhale siinena chimene chawachepetsa. Zilipo zoyezera zatsopano monga AmniSure ndi Actim PROM, zofufuza mapuloteni a m'madzi a nsupa. Zimalondola kwambiri, koma mtengo wake ngwokwera, kotero pa chipatala chaching'ono nyali yowala bwino ndi speculum yaukhondo ndizo zofunika poyamba.

Yankho likapezeka, zochita zimatsata msinkhu wa mimba. Ngati masiku akwana, achipatala amayambitsa matenda, osadikira nthawi yaitali. Ngati sadakwane, mayi amagonekedwa ndi kupatsidwa mankhwala opha tizilombo. Kafukufuku wa ORACLE wa chaka cha 2001, wa amayi oposa 4,800, adasonyeza kuti erythromycin wa masiku 10 amachedwetsa kubadwa ndi kuchepetsa mavuto a khanda. Jakisoni wokhwimitsa mapapo a mwana amaperekedwa pokhapokha masabata a mimba akudziwika bwino, ndipo apa mpamene kuyamba sikelo msanga kumapindula.

Mphunzitsi kapena kalaliki wa boma wokhala kutali ndi chipatala asadikire kuti mkazi wake ayambe wamva kupweteka. Mayi alembe ola limene madzi adayamba, avale kansalu koyera kokasonyeza mzamba, asalowetse chilichonse m'njiramo, ndipo anyamuke ndi buku lake la sikelo. Madzi obiriwira kapena onunkha, kutentha thupi, magazi, ndi mwana wosiya kusewera, zonsezi sizidikira kuti kuche. Mchombo ukatsogola kutuluka, mayi agwade chifuwa pansi, matako m'mwamba, galimoto likufunidwa.