Seva ya ku Spartan ndi katundu wopita kumudzi

Mmalawi wochenjera wa ku Joni sasunga zonse m'chipinda cha lendi ku Tembisa. Amadziwa kuti moto ukabuka, kapena akuba akathyola chitseko, thukuta la zaka zisanu litha usiku umodzi. Ulendo woyamba amapatsa transipota mtolo waukulu: firiji, matiresi, njinga. Miyezi yotsatira satumizanso firiji ina. Amangowonjezera chatsopano, kaya mapoto, kaya bulangete.

Bakapu yongowonjezera imayenda chimodzimodzi. Usiku woyamba mumakopera zonse za m'seva n'kuzitumiza kutali. Masiku otsatira mumatumiza zokhazo zomwe zasintha. Kusiyana n'kwakuti firiji ikapita yapita, pomwe fayilo imatsala m'seva, kutaliko kukupita kope lake.

Ku Spartan, dera la mafakitale ndi nyumba zosungira katundu ku Kempton Park, kufupi ndi bwalo la ndege la O.R. Tambo, kampani yaing'ono yonyamula katundu imadalira seva imodzi yomwe muli mainvoisi, malipiro a antchito ndi mapepala a kasitomu. Ogwira ntchito imeneyi sanaiwale Julaye 2021, pomwe achifwamba a pa intaneti analowerera makompyuta a Transnet, kampani yoyendetsa madoko, makontena n'kuunjikana padoko la Durban. Tsono funso ndi lakuti katundu wathu timupatse transipota uti.

Wakale kwambiri ndi rsync, yomwe Andrew Tridgell ndi Paul Mackerras anatulutsa mu 1996. Imafananitsa fayilo ya kuno ndi ya uko n'kutumiza tizigawo tosiyana tokha. Ndi yachangu, yaulere, ndipo imapezeka pafupifupi pa Linux iliyonse. Koma payokha ntchito yake ndi kufananiza mbali ziwiri basi. Mafayilo akawonongeka kuno, usiku womwewo owonongekawo amakalemba pamwamba pa abwino aja. Zili ngati kulamula achibale kuti nyumba ya kumudzi izifanana ndi chipinda cha ku Tembisa tsiku lililonse: chipinda chikapsa, nawonso awotche. Pa chifukwa ichi anthu amaiphatikiza ndi rsnapshot, yomwe imasunga makope a dzulo, a sabata yatha ndi a mwezi watha.

Ine ndikanasankha pakati pa BorgBackup ndi restic. Zonse ziwiri zimaduladula mafayilo m'tizidutswa, ndipo kachidutswa kamene kanapita kale sikapitanso kachiwiri, ngakhale kapezeke m'mafayilo khumi. Zimatsekanso katundu asananyamuke, moti wosunga uja amangoona bokosi, za m'kati sangawerenge. Pansi pa lamulo loteteza zinsinsi za anthu la POPIA, lomwe linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 Julaye 2021, loko ameneyu si wamasewera, chifukwa m'seva muli manambala a ziphaso ndi maakaunti a kubanki a anthu. Kiyi wake musamusunge m'seva yomweyo. Akasowa, palibe mmisiri amene angakutsegulireni.

Kusiyana kwawo kuli pa wolandira. Borg imayenda bwino kukakhala kompyuta ina yokhala ndi Borg kumbali inayo, yofikirika pa SSH. Restic sisankha kwambiri: imaponya katundu pa SFTP, ku Amazon S3, ku Backblaze B2 ngakhalenso ku Azure. Amene maseva awo ndi a Windows ndi VMware nthawi zambiri amagula Veeam. Kaya mwasankha iti, database yomwe ikugwira ntchito musaikopere ngati fayilo wamba. Yambani mwaitulutsa ndi pg_dump kapena mysqldump.

Mbali imene ambiri amadumpha ndi iyi. Wakuba akakuberani foni amatha kulembera mlongo wanu ku Mangochi ngati ndinu, kuti firiji ija aipereke kwa wakutiwakuti. Achifwamba a ransomware amachita zomwezo: akalowa m'seva amasaka makiyi a bakapu, kufufuta za kutali, kenako n'kutseka za kuno ndi kufuna dipo. Wosunga wabwino ndi wouma mutu, wolandira katundu koma wokana kutulutsa kanthu chifukwa cha uthenga wa pafoni. Borg ili ndi njira ya append-only, restic nayo kudzera pa rest-server, ndipo S3 ili ndi Object Lock, yoletsa kufufuta mpaka masiku omwe munaika atatha. Kwa ine, chida chopanda njira yotereyi chagwa kale mayeso, kaya chithamange bwanji.

Nanga kutali n'kuti? Ku Isando, moyandikana ndi Spartan, Teraco ili ndi nyumba zikuluzikulu za maseva zokhala ndi majenereta awo. Moto wa m'nyumba yanu sungafikeko. Ofuna kutali kwenikweni amayang'ana Cape Town, komwe Amazon inatsegula malo ake a maseva mu 2020. Chachikulu n'kufunsa komwe kope lanu likugona. Pa 10 Malichi 2021 nyumba ya maseva ya OVH ku Strasbourg inapsa, ndipo makasitomala ena anazindikira tsiku lomwelo kuti bakapu yawo inali pamalo omwewo.

Alipo amene anatumiza katundu zaka zambiri, n'kufika kumudzi pa Khirisimasi kupeza firiji inagulitsidwa kalekale, chonsecho pafoni ankamva zoti zonse zili bwino. Uthenga wa m'mawa woti bakapu yatheka ndi foni yoteroyo. Malamulo a borg check ndi restic check amathandiza, koma kamodzi pamwezi tengani kompyuta yopanda kanthu, mubwezeretse mainvoisi a sabata yatha, wa maakaunti awatsegule, ndipo mulembe maola omwe zatenga. Ngati kukoka zonse pa intaneti yanu kungadye masiku atatu, bwana adziwiretu lero, asankhe kugula laini yothamanga kapena kusunganso diski ina pafupi.