Bungwe la atsogoleri a sukulu za ntchito zamanja limawathandiza bwanji?

Chaka chilichonse zotsatira za mayeso a MSCE zikatuluka, ena mwa ana athu amasankha kukaphunzira ntchito zamanja monga ukalipentala, zamagetsi, kuwotcherera, umakaniki, kusoka ndi zomangamanga. Posankha sukulu timafunsa za fizi, malo ogona ndi satifiketi imene mwana adzalandire. Funso limene sitifunsa kawirikawiri ndi lakuti: kodi mkulu wa sukuluyo amathandizidwa ndi ndani kuti zimene akuphunzitsa zisatsalire m'mbuyo? Yankho lake limakhudza kwambiri ngati mwana adzatuluke akuidziwadi ntchito.

Mkulu wa sukulu ya ntchito zamanja ali ndi mtolo wosiyana ndi wa mphunzitsi wamkulu wa sekondale ngati yathu. Buku la masamu limatha kugwira ntchito zaka zambiri, pamene zipangizo za ntchito zimasintha msanga. Makaniki amene anaphunzirira pa injini zakale zokha amasowa pogwira akamubweretsera galimoto ya masiku ano, yomwe vuto lake amalipeza poilumikiza ku kompyuta. Choncho mkuluyu ayenera kudziwa makina oyenera kugula ndi ndalama zochepa zomwe ali nazo. Ayenera kupeza aphunzitsi odziwa ntchito komanso otha kuphunzitsa, chonsecho anthu oterewa makampani amawalipira bwino kuposa sukulu. Ayeneranso kupeza makampani olandira ophunzira kuti akayesere ntchito, ndi kuonetsetsa kuti palibe mwana wodulidwa chala ndi makina. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, n'chifukwa chake m'maiko ambiri atsogoleriwa amakhala ndi bungwe lawolawo.

Kuti tione bwino mmene bungwe lotere limagwirira ntchito, titenge chitsanzo cha limodzi lakale komanso lalikulu, la ku America. M'chaka cha 1917 dzikolo linakhazikitsa lamulo lotchedwa Smith-Hughes Act, lomwe linachititsa kuti boma liyambe kupereka ndalama zophunzitsira ulimi, ntchito za m'mafakitale ndi zapakhomo m'sukulu. Mu 1926 mabungwe awiri a anthu oyendetsa maphunzirowa anaphatikizana n'kupanga American Vocational Association. Mu 1998 linasintha dzina kukhala Association for Career and Technical Education, mwachidule ACTE. Likulu lake lili mumzinda wa Alexandria, m'chigawo cha Virginia. Mamembala ake ndi aphunzitsi, alangizi a ophunzira ndi atsogoleri a sukulu, ndipo atsogoleriwa ali ndi nthambi yawoyawo.

Thandizo loyamba ndi kuphunzitsana. Kumapeto kwa chaka chilichonse bungweli limachititsa msonkhano waukulu wotchedwa CareerTech VISION. Kumeneko mamembala amafotokozerana zimene zayenda bwino ndi zimene zakanika kusukulu zawo, ndipo makampani amaonetsa makina atsopano. Mkulu wa sukulu amatha kufunsa anzake amene anagula kale makinawo asanaononge ndalama. Amene sanapite amawerenga magazini ya bungweli yotchedwa Techniques, kapena amachita maphunziro afupiafupi pa intaneti. Palinso ndondomeko zosula atsogoleri atsopano, chifukwa munthu akhoza kukhala katswiri pa kuwotcherera koma osadziwa kukonza bajeti kapena kuyang'anira antchito anzake.

Thandizo lachiwiri ndi muyezo. Bungweli linakonza ndondomeko ya mfundo zikuluzikulu 12 zoyezera ngati maphunziro a ntchito zamanja ali abwino. Zina mwa mfundozi ndi kukhala ndi aphunzitsi okonzekera bwino, zipangizo zoyenera, mgwirizano ndi makampani komanso mwayi woti ophunzira akaphunzirire pamalo enieni a ntchito. Mkulu wa sukulu amakhala pansi ndi aphunzitsi ake n'kudziyeza okha, mfundo ndi mfundo. Akapeza kuti ali ofooka pa zipangizo, amakhala ndi umboni wopita nawo kwa amene amapereka ndalama.

Thandizo lachitatu ndi kulankhula ndi boma. Ndalama zimene boma lalikulu la America limapereka pa maphunzirowa zimadzera mu lamulo lotchedwa Perkins, lomwe linayamba mu 1984 ndipo linakonzedwanso mu Julaye 2018. Ndalamazi zimaposa madola 1 biliyoni pachaka, ndipo aphungu a nyumba ya malamulo ndiwo amavomereza kuchuluka kwake chaka ndi chaka. Mkulu wa sukulu imodzi akadandaula yekha, mawu ake sapita patali. Choncho bungweli lili ndi antchito otsatira zokambirana za aphungu, ndipo chaka chilichonse limasonkhanitsa mamembala pafupi ndi mzinda wa Washington kuti akakumane ndi aphungu a kwawo n'kuwauza zosowa za sukulu zawo. Lamulo likasintha, bungwe limamasulira mamembala zoyenera kuchita. Mwachitsanzo, lamulo la 2018 limafuna kuti olandira ndalamazi azifufuza zosowa za dera lawo zaka ziwiri zilizonse, pofunsa olemba ntchito, makolo ndi ophunzira. Bungweli linakonza malangizo a mmene kafukufukuyu angachitikire.

Thandizo lachinayi ndi kukweza ulemu wa ntchito zamanja. Kumenekonso alipo anthu oganiza kuti maphunzirowa ndi a ana amene alephera kupita ku yunivesite. Pofuna kuthetsa maganizowa, mwezi wa Febuluwale chaka chilichonse umakhala wolengeza za ubwino wa maphunzirowa, ndipo sukulu zimaitana makolo ndi atsogoleri a dera kudzaona zimene ana akupanga. Bungweli limaperekanso mphoto kwa aphunzitsi ndi atsogoleri amene achita bwino.

Zonsezi sizibwera zaulere. Membala amalipira ndalama ya umembala chaka chilichonse, amavota posankha atsogoleri, ndipo amapereka nthawi yake m'makomiti. Tidziwenso malire ake. Bungwe lotere siliyendetsa sukulu ndipo silingatseke sukulu yosachita bwino. Apa ndi pamene limasiyana ndi bungwe ngati TEVETA kuno kwathu, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja m'dziko muno. La boma limaika malamulo, pamene la mamembala mphamvu yake ili pa kudzipereka kwa eni ake.

Nanga ife tikutolapo chiyani? Makolo, pokafunsira mwana malo, onjezani mafunso awa pa a fizi aja. Kodi aphunzitsi anapita liti komaliza kukasulidwa? Kodi sukulu imagwirizana ndi makampani ati? Kodi akuluakulu ake amakumana ndi anzawo a sukulu zina? A komiti, mukamakambirana zothandiza mwana ndi fizi, mafunso omwewa adzakuthandizani kudziwa ngati ndalamazo zikupita pamalo oyenera. Ndipo inu ophunzira, ntchito iliyonse imene mudzasankhe, mudzafufuze kumene anzanu a ntchitoyo amakumana. Satifiketi mudzalandira kamodzi, koma makina adzapitiriza kusintha mpaka tsiku limene mudzapume pantchito.