Za Mwezi Wotsiriza wa Mayi Wapakati

Mayi wapakati akafika mwezi wachisanu ndi chinayi, thupi lake lilema ndithu. Msana uwawa, mapazi atupa, chilungulira chimsautsa, ndipo usiku tulo sitibwera, pakuti mwana wakula napanikiza za m'mimba. Zowawa zotere ndi za amayi ambiri, ndipo pa zokha sizili chifukwa chofulumizira kubadwa kwa mwana.

Masiku a mimba awerengedwa masabata 40 kuyambira tsiku loyamba la kusamba kotsiriza, koma ana ambiri sabadwa pa tsiku lenilenilo. Mwana wobadwa asanakwane masabata 37 avutika kupuma ndi kuyamwa. Koma mimba ikapitirira masabata 41, nsengwa imene idyetsa mwana iyamba kufooka. Chifukwa chake bungwe la zaumoyo la dziko lonse lilangiza kuti apa matenda ayambitsidwe kuchipatala, ngati masabatawo adziwika bwino. Ndipo adziwika bwino kwa mayi amene anayamba msanga kupita kusikelo.

Tsono tinene za mwanamphepo. M'midzi mwathu agogo ndi apongozi, pomva chisoni ndi mwana wawo wotopa, ampatsa mankhwalawa kuti achire msanga. Mtima wawo ndi wabwino, koma mphamvu ya mankhwalawa palibe aiyesa. Chiberekero chikhoza kukokana kopitirira muyeso njira isanatseguke. Pamenepo mwana abanika, kapena chiberekero ching'ambika, mayi nataya magazi. Kuchipatala nakonso alipo mankhwala oyambitsa matenda, monga misoprostol ndi oxytocin, koma aperekedwa pang'onopang'ono, namwino alikumvera mtima wa mwana, ndipo zikavuta dokotala ali pafupi kuchita opareshoni.

Zilipo zizindikiro zimene sizilola kudikira kuti kuche: magazi kutuluka, madzi kutuluka matenda asanayambe, mutu kuwawa kwambiri pamodzi ndi kuona zideruderu, nkhope ndi manja kutupa, kutentha thupi, kukomoka, mwana kuchepetsa kapena kuleka kutakataka. Mukaona chimodzi mwa izi, nyamukani nthawi yomweyo, ngakhale usiku.

Kuno ku Phalombe tili ndi chipatala cha mishoni cha Holy Family ndi chipatala chachikulu cha boma ku Migowi. Koma kumbukirani Marichi 2023, pamene namondwe Freddy anagumula milatho nadula njira za ku Nkhulambe. Amene mukhala kutali, makamaka nyengo ya dzinja, pitani kuchidikiro masiku asanakwane.

Inu abambo, ntchito iyi ndi yanunso. Sungani ndalama ya ulendo, konzani ufa ndi nkhuni, ndipo mulandire akazi anu khasu ndi mtsuko. Maria Virgo Woyera anakwera mapiri nakhala ndi Elizabeti ngati miyezi itatu, kumtumikira pa masiku olemera omwewa. Ifenso tichite chomwecho, ndipo pa Korona wa madzulo tipempherere amayi onse amene alikuyembekeza.