Magaidi a mbalame amadyera khutu

Ku Liwonde, ku Dzalanyama, ku Zomba ndi ku Nyika kuli anthu amene amapezera chakudya pa kudziwa kulira kwa mbalame. Awa ndi magaidi operekeza alendo odzaona mbalame. Amadzuka m'bandakucha, tchire lonse likusokosera, ndipo mbalame zambiri amazitchula dzina asanazione n'komwe. M'Malawi muno muli mitundu pafupifupi 650, ndiye mlendo amene walipira ndege kuti adzaone Thyolo alethe safuna kumuonetsa pumbwa.

Luso lawo limayesedwa kwenikweni mvula ikagwa. Kuyambira Okutobala mpaka Disembala kumafika timbalame tothawa chisanu ku Europe ndi ku Asia, tina tolemera magalamu osakwana 10. Tambiri n'totuwa, tofanana, ndipo timabisala m'zitsamba zowirira. Apa maso sathandiza. Gaidi amaima du, n'kupendeketsa mutu, kuti asiyanitse thrush nightingale ndi mbalame zakwathu zolira mofanana nayo.

Kovuta zedi ndi kambalame kotchedwa marsh warbler. Nyimbo yake n'njobwereka. Françoise Dowsett-Lemaire, amene pambuyo pake analemba buku la The Birds of Malawi la 2006 limodzi ndi Robert Dowsett, anapeza kuti mbalame za mtunduwu zimatsanzira mitundu ina yoposa 200, ndipo yoposa theka ndi ya ku Africa kuno. Mwana wa mbalameyi amatola nyimbozi m'chaka chake choyamba, n'kukaziimba ku Europe. Gaidi akamva mbalame zingapo zikulira motsatizana m'chitsamba chimodzi, amayamba kukayikira kuti woimbayo ndi mmodzi. Zimenezi saphunzira m'kalasi. Amaziphunzira poyenda ndi akuluakulu pantchito, ndipo ena anayamba ali ana, legeni ili m'khosi.

Masiku ano alendo amabwera ndi pulogalamu yozindikiritsa mbalame ya Merlin pafoni, ndipo ena amaumiriza gaidi kuliza sipika kuti mbalame ituluke. Gaidi wabwino sachita zimenezi mobwerezabwereza, chifukwa mbalame imataya mphamvu kuthamangitsa mdani amene palibe.

Chimene chimandiwawa ndi malipiro. Mbalame zothawa chisanuzi zimachuluka nthawi ya dzinja, pamene misewu yaterera ndipo alendo achepa. Miyezi imene khutu la gaidi lingagwire ntchito yaikulu ndi yomwenso ambiri amakhala pakhomo, kudikira Meyi.