MASIKA A KU ENGLAND: ZA KAMUNDA KOBWEREKA NDI GALIMOTO YOKALAMBA

Abale athu a m'midzi, mwezi uno wa Ogasiti kwathu kuno cimanga ciri m'nkhokwe, udzu wauma, mphepo irikuulutsa pfumbi m'miseu, ndipo makasu alikupumula kufikira tidzayambenso kusosa. Koma ku England, kutali kumpoto, mwezi womwewu ndiwo masika ao: nyengo yofunda irikutha, mbeu zakhwima, ndipo anthu alikufulumira kututa cisanu cisanafike. Ambiri a ife timayesa kuti ku dziko limenelo kulibe munthu wogwira khasu, kuti onse amangodya za m'sitolo. Si tero ai. Tifuna kukufotokozerani za banja la kumeneko pa nyengo imeneyi, za kamunda kao, ndi za mlandu wina umene umawasowetsa tulo mwezi womwewo, ndiwo mlandu wa galimoto imene yakalamba. Mudzaona kuti ngakhale mbeu zao ndi zina, ndalama zaonso ndi zina, nkhawa ya eni banja ndi imodzimodzi.

Kamunda kobwereka

Anthu ambiri a ku England amakhala m'mizinda, m'nyumba zogundana, ndipo ena alibe ngakhale kabwalo kokwanira mizere itatu. Cifukwa cace m'mphepete mwa mzinda, kapena m'mbali mwa njanji, mumapezeka malo aakulu ogawidwa timinda tambiri. Kamunda kamodzi kotere amakacha allotment, ndiko kunena gawo limene munthu wapatsidwa. Kawirikawiri mwini nthaka ndiye khonsolo ya mzinda, ndipo wolimayo amalipira ndalama pang'ono caka ndi caka. Muyeso wace wa makolo ndi ngati mamita 10 m'lifupi ndi mamita 25 m'litali. Mutagawa ekala imodzi kwa anthu 16, gawo la mmodzi ndilo limenelo. Mlimi wa kwathu adzaseka, nadzati, Kumeneko n'kusewera kwa ana. Koma akale ao anayesa kuti malo otere, akalimidwa mosamala, akwanira kupatsa ndiwo banja la anthu anai.

Timinda timeneti tinabadwa m'umphawi. M'zaka za m'ma 1700 ndi 1800 eni cuma anachinga ndi mipanda malo amene kale anali a mudzi wonse, kumene amphawi anali kudyetsa ng'ombe zao ndi kutola nkhuni. Anthu aja anatsala manja okha, opanda pobzala. Pa mudzi wa Great Somerford, m'dera la Wiltshire, mbusa wa mpingo dzina lace Stephen Demainbray anapempha kuti amphawi awasiyireko malo, ndipo minda imene inapatulidwa kumeneko caka ca 1809 irikulimidwa kufikira lero. Patapita zaka 99, mu 1908, Nyumba ya Malamulo inalamula makhonsolo kuti azipatsa anthu timinda pamene pali ofuna. Ndipo anthu 6 a m'dera akalemba kalata yopempha, khonsolo iyenera kuuganizira mlanduwo. Lamulo la 1922 linanena kuti zolimidwa m'menemo zikhale makamaka zodyera pa nyumba, ndipo la 1950 linalola wolima kuwetako nkhuku zoikira ndi akalulu.

Koma cimene cinakuza ulemu wa timindati ndi nkhondo. Mu 1939 dziko la Britain linali kugula kunja coposa theka la cakudya cace, ndipo zombo za Ajeremani zoyenda pansi pa madzi zinayamba kumiza zombo zonyamula tirigu ndi nyama. Boma linaitana anthu onse kuti agwire zokumbira. Analima mabwalo a mpira, analima m'mapaki, analima ngakhale m'ngalande youma yozinga linga lakale la Tower of London. Pofika 1943 timinda tinali pafupifupi 1,400,000. Nkhondo itatha ndi cakudya citacuruka, tambiri tinasiyidwa, tina anamangapo nyumba. Lero anthu atifunanso, kotero kuti munthu amalembetsa dzina nadikira zaka zingapo, ndipo m'madera ena a London koposa zaka 10. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zokolola zifika pamodzi

Tsono Ogasiti akafika, zonse zimene anabzala mu Epulo ndi Meyi zimakhwima nthawi imodzi, ngati zapangana. Zitheba zao zimayanga pa nsungwi kupitirira msinkhu wa munthu, ndipo ziyenera kuthyoledwa masiku awiri ali onse. Ukazilekerera zimakhwimitsa, ndipo mtengo wace umaleka kubala. Ali ndi mtundu wa maungu aatali onga nkhaka, amene amadyedwa ali anthete. Munthu akacoka sabata imodzi amawapeza atakula ngati mkono. Anyezi amazulidwa nayanikidwa pa dzuwa kufikira makosi ace atauma. Matimati amapsa, mbatata ya kacewere imakumbidwa, maapozi oyamba amayamba kugwa, ndipo m'mipanda ya minga muli zipatso zakuda zonga mabulosi zimene ana amachola kufikira milomo yao itadetsedwa. Abale athu amene akhala kumeneko nabwereka timinda amadabwitsa anzao pothyola nkhwani, pakuti Angerezi amadya dzungu nataya masamba ace.

Si zonse zimene zimafika m'dengu. Nkhono zopanda cigoba zimadya mbande usiku, nkhunda za kuthengo zimang'amba kabici, ndipo mdani woposa onse ndi ciwau ca mbatata ndi matimati, cimene cimadza kukafunda ndi kukacita cinyontho. Masamba amacita mawanga akuda, ndipo pa masiku owerengeka munda wonse wabvunda. Nthenda yomweyo ndiyo inagwera mbatata ya ku Ireland mu 1845, ndipo pa njala imene inatsatapo anafa anthu pafupifupi 1,000,000. Wolima wocenjera akaona mawanga oyamba amadula mitengo yonse ya mbatata pansi, nadikira masabata awiri kuti khungu la mbatata likhwime, ndipo pamenepo amakumba.

Zokolola zikafika ku nyumba, nchito imasamukira ku khichini. Dzuwa la kumeneko silikwanira kuumitsa mfutso monga kwathu, cotero ali ndi njira zao. Zipatso amaziphika ndi shuga wofanana nazo kulemera kwace, nazitsekera m'mabotolo, ndiyo jamu. Matimati osapsa, anyezi ndi maapozi amaziphika pamodzi ndi viniga, ndipo zimakhala miyezi yambiri osaonongeka. Zitheba amaziwiritsa pang'ono naziumitsa m'firiji. Mbatata amaisunga m'matumba a pepala, pamalo a mdima, pakuti kuwala kumaibiriwiritsa ndipo yotero siyenera kudyedwa. Zotsala amagawira anansi, ndipo zina zimapita ku cikondwerero ca zokolola cimene cimacitika m'mipingo ndi m'masukulu kumapeto kwa Sepitembala kapena kuyamba kwa Okutobala. Mwambo umenewu, monga uliri lero, amati anauyamba mbusa Robert Hawker ku Morwenstow, m'dera la Cornwall, caka ca 1843.

Masiku onsewa ana ali pa nyumba, pakuti sukulu imatsekedwa ngati masabata 6 kuyambira kumapeto kwa Julayi. Koma makolo alikuona kale zizindikiro. Mu Juni dzuwa la ku London limalowa itakwana kale 9 koloko usiku. Kumapeto kwa Ogasiti limalowa isanakwane 8 koloko, ndipo mu Disembala lidzalowa isanakwane 4 koloko. Nsapato za sukulu zacepa, yunifolomu ifunika yatsopano, ndipo patsogolo pali miyezi ya cisanu imene ndalama zambiri zimathera pa kufunditsa nyumba.

Galimoto yokalamba

Pakati pa zonsezi pali galimoto, imene yakhala irikunyamula ndowe kupita ku munda, matumba a mbatata kubwera ku nyumba, ana kupita ku sukulu, ndi agogo kupita ku cipatala. Kwa banja lotere galimoto si ya matama ai. Iri ngati njinga kapena ngolo pa mudzi wathu. Koma nayo imakalamba. M'nyengo ya cisanu amathira mcere m'miseu kuti madzi asaundane, ndipo mcerewo umadya citsulo ca pansi pa galimoto ndi dzimbiri, kumene mwini wace saonako.

Boma silidikira kuti mwini aone yekha. Kuyambira 1960 pali mayeso a galimoto ochedwa MOT, ndipo lero ku England galimoto ikakwanitsa zaka 3 iyenera kuyesedwa caka ciri conse. Woyesa amayang'ana mabuleki, matayala, nyali, ciwongolero, utsi ndi dzimbiri. Ikalephera, mwini wace aikonze, pakuti kuyenda nayo popanda cikalata ca mayesowo ndi mlandu. Okhala ku London ali ndi cina coonjeza: pa 29 Ogasiti 2023 lamulo la utsi linafalikira mzinda wonse, ndipo linaika mapaundi 12.50 pa tsiku liri lonse limene munthu ayenda ndi galimoto yakale yoturutsa utsi wambiri, makamaka za petulo zopangidwa isanafike 2006 ndi za dizilo zopangidwa isanafike 2015.

Nanga cifukwa ninji mlanduwu umakula mwezi womwewu wa zokolola? Cifukwa ca manambala. Nambala ya galimoto ya ku Britain imaulula msinkhu wace, ndipo zizindikirozo zimasintha kawiri pa caka, pa 1 Malici ndi pa 1 Sepitembala. Yolembetsedwa mu Malici 2024 inalandira 24, ya mu Sepitembala 2024 inalandira 74. Okonda kuoneka amadikira tsikulo kuti anansi adziwe kuti agula yatsopano, ndipo zakale zao amazisiya kwa ogulitsa. Cotero mabwalo a ogulitsa amadzaza, zokopa zimacuruka, ndipo munthu amene galimoto yace irikutsokomola amayamba kuceukira ku bwaloko podutsa.

Kuwerengera pa tebulo

Taonani tsono bambo ndi mai atakhala pa tebulo madzulo, mabotolo a jamu akali ofunda pambali pao, ndi pepala la makaniko liri pakati. Njira ziri zitatu. Yoyamba ndi kukonza yakaleyo: ndalama zimaturuka kamodzi, koma palibe wodziwa cimene cidzathyoka mwezi wa mawa. Yaciwiri ndi kugula yogwiritsidwa kale nchito ndi ndalama zimene anasunga. Koma cikomekome ca nkhuyu m'kati muli nyerere, ndipo wanzeru amayamba wawerenga mbiri ya mayeso ace, imene boma limaionetsa kwa ali yense pa intaneti, nasuzumiranso pansi pace. Yacitatu ndi kutenga yatsopano pa ngongole, monga amacitira ambiri ogula zatsopano kumeneko. Munthu amapereka cikole, nalipira mwezi ndi mwezi zaka 3 kapena 4. Ndipo pa mtundu wa ngongole umene wafala koposa, zakazo zikatha galimoto siikhala yace, pokhapokha ataperekanso ndalama yaikulu yotsiriza. Akalephera kulipira pakati pa njira, eni ngongole akhoza kudzaitenga.

Banja lanzeru silifunsa kuti, Kodi tikhoza kulipira mwezi uno? Pakuti mwezi wa Ogasiti ndi wonyenga: ndiwo ziri zaulere, nyumba siifuna moto, ndipo mtima uli wopepuka. Limafunsa kuti, Kodi tidzakhoza kulipira mu Januwale? Limaika mbali imodzi ndalama zonse zimene yakaleyo yadya pa caka cathunthu, ndi mbali inzace malipiro a miyezi 12 pamodzi ndi inshuwalansi, msonkho ndi ciwongola dzanja. Walira mvula walira matope. Nthawi zambiri kuwerengerako kumaonetsa kuti yakaleyo iyenera kupirira caka cina. Koma dzimbiri likafika pa zitsulo zimene zimagwira thupi lonse la galimoto, kuiumirira ndiko kuthira madzi m'dengu, ndiponso kuika moyo wa ana pa ngozi. Pamenepo aiperekeze kwa ophwasula obvomerezeka, alandire cikalata cakuti yaphwasulidwa, ngakhale ana alire cifukwa anakulira m'menemo.

Pali kusiyana kumodzi kumene banja limeneli limakudziwa bwino. Kamunda kaja, caka ciri conse cimene akathira manyowa, kamaonjeza mphamvu. Nthaka ya zaka 20 m'manja mwa munthu wosamala iposa ya caka coyamba. Galimoto imayamba kutsika mtengo tsiku lomwe yacoka kwa wogulitsa, ndipo siibwereranso. Ngakhale lamulo lao limasamala kamundako: lija la 1950 linati wofuna kucotsa munthu pa kamunda amucenjeze miyezi 12, ndipo tsiku locokera lisagwe pakati pa 6 Epulo ndi 29 Sepitembala, kuti wobzala adye zimene anabzala.

Inu eni mabanja, mwagulitsa mtedza, soya kapena fodya, ndipo ndalama iri m'thumba. Pa msika pali njinga yamoto yonyezimira, ndipo wogulitsa ali ndi mau okoma. Sitikuletsani kugula, pakuti cinthu cikatha catha, ndipo cina ciyenera kulowa m'malo mwace. Koma yambani mwapatula za mbeu, za feteleza ndi za sukulu. Khalani pansi awiri, bambo ndi mai, muwerengere pamodzi. Ndipo funso lanu likhale la mwezi wa Febuluwale, pamene nkhokwe yafika pansi ndi cimanga ca m'munda cisanakhwime.